Zione Waonda

Chilomoni, Blantyre
6 Januwale 2024

Okondedwa akulu anga a Enelesi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu anga a Elifasi. Kuno tilipo, mvula yokha ndiyo yatikwana.

Kalatayi ndapatsira a Zakeyu a lole, omwe akubweretseraninso mwana wanu Zione. Ndikanaimba foni, koma inu kuti mumve bwino mumachita kukwera chulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo chilichonse chimene mwayankha mudzi wonse umamva. Za m'banja tizingolemberana. A Zakeyu amadutsa pa Nsaru kawiri pa mwezi.

Monga tinagwirizana pa Khirisimasi, Zione akhale nanu chaka chino, apitirize Sitandade 5 kumeneko. Ntchito ya m'sitolo yandichulukira. Ndimachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa, mwana n'kumangokhala yekha m'nyumba maso ali pa kanema. Asintheko mphepo.

Ndikupemphani chinthu chimodzi. Musamutenge ngati mlendo, akhale monga akhalira ana ena onse a pamudzipo. Mundisamalire mwanayu, akulu, ndi mmodzi yemweyu.

Mundiuze mmene fodya alili chaka chino, komanso ngati denga la khitchini lija munalikonza.

Ndine mng'ono wanu,
Bridget


Nsaru
21 Januwale 2024

Mng'ono wanga Bridget,

Moni wako tamulandira. Ife tili bwino, fodya wachita bwino, denga likudonthabe chifukwa alamu ako amalikonza ndi pakamwa.

Katundu wako wafika, ndipo ndi katundu ndithu. Iwe, mwanayu umamudyetsa chiyani? Masaya ngati mandasi a pamsika, khosi losaoneka n'komwe. Azimayi a kumpingo abwera kudzamuona, aliyense kumutsina mkono n'kumati, "Bridget zikumuyendera ku Blantyre." Ine kumangovomera, kunyada ngati ndamunenepetsa ndine.

Wati ndisamutenge ngati mlendo. Amenewo ndi mawu aulemu, ndawamva, koma ndikudziwa chimene mayi amatanthauza akati mundisamalire mwana. Usade nkhawa. Wabwera wathunthu, adzabwerera wathunthu. Ngakhale ino ndi miyezi yoti nkhokwe ikuoneka pansi, m'mawa uliwonse akumwa phala lotsira nsinjiro, pambali mazira awiri. Nkhuku zanga zikudabwa kuti bwanji sizikufungatiranso.

Sukulu ili kutsidya kwa dambo, ana a kuno amayenda pafupifupi ola lathunthu. Tsiku loyamba ndinamulola apite ndi anzake. Sanafike ndi pamlatho pomwe, anakhala pansi thukuta lili kamukamu, akupumira m'mwamba. Ndiye ndalamula alamu ako kuti azimukweza pa njinga m'mawa uliwonse, masana n'kukamutenga. Akudandaula kuti fodya akupsa m'munda. Ndawauza kuti fodya ndi wa chaka chilichonse, koma mwana wa Bridget ndi mmodzi.

Kusukuluko kuli mphunzitsi wina, a Thomson, woonda ngati bango, amene amathamangitsa ana kuzungulira bwalo asanalowe m'kalasi. Akuti mwana akathamanga mutu umatseguka. Ndinapita ndekha kukawauza kuti wathuyu mutu wake unatseguka kale ku Blantyre, anzake akamathamanga iye azikhala pansi pa mtengo. Anafuna kundiphunzitsa, koma ine sukulu ndinaisiya kalekale.

Ukapeza mpata unditumizireko sopo wochapira. Yunifomu ya mwanayu imadya sopo ngati bulangeti.

Ndine mkulu wako,
Enelesi


Chilomoni, Blantyre
4 Febuluwale 2024

Okondedwa akulu,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndinaseka mpaka anzanga kuntchito anafuna kuti ndiwawerengere. Sopo ndapatsira a Zakeyu.

Akulu, zonse mukuchitazo ndikuthokoza, koma mwachulutsa. Alamu asamasiye fodya chifukwa cha Zione. Muloleni aziyenda ndi anzake, akatopa azipuma, azolowera. Mazira aja asiyireni nkhuku zifungatire. Ndiponso a Thomson aja musalimbane nawo, aphunzitsi amadziwa ntchito yawo. Kumjigo azipita, nkhuni azitola, monga tinkachitira ife.

Ndikunena zoona, si zaulemu ayi.

Mumuuze Zione andilembere yekha, ndione ngati dzanja lake likuwongoka.

Ndine mng'ono wanu,
Bridget


Nsaru
2 Malichi 2024

Okondedwa amayi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Kalata iyi ndapereka ndekha kwa a Zakeyu, amayi aakulu sanaione. Chonde musawauze zimene ndalemba.

Kalata yanu ija anaiwerenga n'kunena kuti Bridget ali ndi ulemu wambiri, akuopa kutivutitsa. Tsopano mazira ndi atatu.

Amayi, poyamba kuno sindinkakufuna. Pa buleki atsikana amasewera fulaye. Awiri amaima uku ndi uku n'kumagenda mpira wa mapepala, wina ali pakati akuzinda. Wapakatiyo amathira mchenga m'botolo, likadzadza asanamugende ndiye kuti gulu lake lawina. Posankhana magulu ine ndinkatsala ndekha. Tsiku lina anandilowetsa chifukwa wina anadwala, ndipo anandigenda ndisanagwire n'komwe botolo. Onse anaseka, wina anati kundiphonya ine n'kovuta kuposa kundigenda. Ndinakalira kuseri kwa kalasi.

Ndili ndi mnzanga dzina lake Thandiwe. Kwawo ndi ku Phalombe, makolo ake ndi matenanti ku esiteti ya fodya. Iye sanaseke. Anati ndiyese kugenda. Amayi, ndinagenda Thandiwe yemweyo pamsana mpaka anakhala pansi. Anadzuka akudzisisita n'kuuza onse kuti kuyambira lero Zione ndi wa gulu lake, wina asamutenge. Akuti dzanja langa ndi legeni.

Koma ine ndikufuna kudzadzitsa botolo. Thandiwe akuti vuto ndi mpweya, umandithera msanga, ndiye ndiziyenda pansi. Ndinapempha bambo aakulu kuti azinditsitsa pamlatho. Anayang'ana uku ndi uku n'kunena kuti, "Amayi ako aakulu akamva, tonse awiri tigona m'chigafa cha fodya." Koma anavomera msanga, chifukwa akanditsitsa amathamangira ku fodya wawo. Tsopano amanditsitsa tikangokhota pa mtengo wa mango woyamba. Masana ndimawadikira pomwepo, n'kukwera njinga kuti tifike pakhomo bwinobwino.

Pansi pa mtengo wa kusukulu paja ndinachokapo. Kukhala wekha anzako akuthamanga n'kuimba kumatopetsa kuposa kuthamangako. A Thomson anati ndiyambe ndi kuzungulira kamodzi. Pano ndimazungulira katatu, ena amazungulira kasanu. Dzulo botolo linafika theka.

Dzira lachitatu ndimapatsa Thandiwe.

Ndine mwana wanu,
Zione


Chilomoni, Blantyre
14 Epulo 2024

Okondedwa akulu,

Kodi kumudziko n'kwabwino? A Zakeyu abwera maulendo anayi opanda kalata yanu. Ndikawafunsa akungoti onse ali bwino, a Enelesi atanganidwa. Pa holide ya Pasaka ndinayembekezera kuti Zione abwera kudzandiona, inu n'kungotumiza mawu apakamwa akuti misewu yaipa. Misewu yake iti, poti lole ikudutsa?

Ndamva kuti Zione wasintha. Musandifunse kuti ndamva kwa yani. Ndikufunitsitsa nditamuona ndi maso anga. Ngati pali wina wa foni yojambula, mujambuleni chithunzi ataimirira, thupi lonse lioneke, munditumizire. Apo ayi ndipempha tchuthi mwezi wamawa ndibwere ndekha.

Ndiyankheni, akulu. Kukhala chete kwanuku sindinakuzolowere.

Ndine mng'ono wanu,
Bridget


Nsaru
5 Meyi 2024

Bridget,

Tili moyo. Kalata yako ndaiwerenga kanayi. Amene anakuuzayo ndikumudziwa, ndi mmodzi wa azimayi a pamjigo, pakamwa pawo sipaola. Koma sananame. Ndakhala ndikubisa, lero ndinene.

Zione waonda.

Ndinayamba kuona mu Malichi. Yunifomu imene inkamuthina inayamba kulendewera. Ndinakaibweza kwa telala mwakachetechete, patapita milungu itatu yayambanso kukhwepa. Ndinawonjezera chakudya. Ndapha nkhuku zitatu, ndagula mafuta ophikira, futali wa mbatata sasowa m'nyumba muno. Mwana akudya ndithu, mbale amaisiya yoyera, koma thupi likungopita. Khosi lija latulukira. Pa Pasaka sindinamutumize dala, ndinkati ndiyambe ndamubwezeretsa.

Chithunzi tinayesa. Ndinamuveka majuzi awiri mkati mwa diresi, koma anatuluka ngati thumba la makala lokhala ndi mutu wa munthu wina, alamu ako anaseka mpaka kutsamwa. Sindinatumize.

Loweruka la sabata yatha ndinapita naye pamsika pomwe mavenda akugula soya ndi mtedza. Ndinapempha mmodzi kuti andiyezere mwana. Anamukoleka pa sikelo m'chitenje, anthu atazungulira. Makilo 41. Iye mwini akuti ku Blantyre anali 52. Ndinamutsitsa msangamsanga n'kumuchotsa pagulupo.

Pobwerera ndinamupanikiza ndi mafunso, zonse zinaululika. Alamu ako akhala akumutsitsa panjira miyezi iwiri yathunthu. Mwana wakhala akuyenda pansi, kuthamanga ndi a Thomson aja, kudumphadumpha pa fulaye, ndipo tsopano amuika mu timu ya mpira wamanja ya sukulu. Thupi lonse lija lathera m'bwalo. Ndaletsa zonse. Njinga ndikupalasa ndekha mpaka pakhomo la kalasi, pa buleki ndauza ahedi kuti azikhala mkati. A Thomson anabwera kudzandipempha, akuti pa 31 mwezi uno kuli mpikisano wa masukulu a m'zoni yathu ndipo timu ikudalira dzanja lake. Ndinawapatsa mpando ndi madzi akumwa, yankho ayi. Zione sakundilankhula. Akungokhala pakhonde, chakudya akuchita kutola.

Mwina ukuti mkulu wanga wapenga. Iwe za chaka cha 2002 sukumbuka bwino, unali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Amayi atapita kukasaka ganyu ku maesiteti anakusiya m'manja mwanga. Tinkadya gaga, gaga atatha tinkakumba zitsa za nthochi. Tsitsi lako linafiira, mkono wako ndinkauzunguliza ndi zala ziwiri n'kutsalako malo. Ndinkakubereka kupita nawe kokalandira phala, ndikumva azimayi kumbuyo akunong'ona kuti uyu chimanga chatsopano sachiona. Ndinalumbira chaka chimenecho kuti mwana sadzaondanso m'manja mwanga. Lero mwana wako yemwe waonda m'nyumba mwanga, nkhokwe ili yodzadza.

Ndili ndi manyazi, mng'ono wanga, ndipo ndili ndi mantha kuti uziti ndinkamumana. Ngati ukubwera kudzamutenga, bwera, sindikukaniza. Koma nyumba ino idzakula kwambiri akachoka.

Enelesi


Chilomoni, Blantyre
12 Meyi 2024

Akulu anga okondedwa,

A Zakeyu ndawagwira asanatsitse n'katundu yemwe, kuti kalatayi ibwerere nawo mawa. Ndalira powerenga yanu, kenako ndaseka za majuzi awiri, kenako ndaliranso. Wolakwa ndine.

Azimayi a pamjigo muwakhululukire, sananene kanthu. Anandilembera ndi Zione yemwe, ndipo pamene ndinati wasintha ndinkanena mokondwa.

Chimene sindinakuuzeni ndi ichi. Mu Novembala Zione anakomoka pamzere kusukulu. Kuchipatala adokotala anamuyeza n'kundiuza mosabisa kuti thupi lamuchulukira, mtima ukugwira ntchito ya munthu wamkulu, ndipo tikalekerera adzadwala shuga asanamalize n'sukulu yomwe. Anati mankhwala ake palibe, koma kuyenda, kusewera, ndi kuchepetsa zokazinga. Kuno ndinalephera. Ndikamusiyira ndalama ya chakudya amagula tchipisi, ndikamuuza kuti akasewere panja amati anzake amamuseka. Ndinamutumiza kwanu kuti akayende, akulu. Dambo lija ndi limene ndinkalifuna.

Ndinachita manyazi kunena. Pa Khirisimasi munamunyamula pamiyendo n'kunena kuti Bridget wandichotsa manyazi, mwana wake akudya. Ndikanayamba bwanji kukuuzani kuti kudyako ndiye matenda? Ndinazungulira, ndimati mumva nokha. Za 2002 ndimakumbuka pang'ono. Ndimakumbuka msana wanu, ndiponso kuti inu munkati mwadya kale. Lero ndi pamene ndazindikira kuti munkanama.

Simunamumane mwana wanga. Mwamuchiritsa, ngakhale munkachita kulimbana nako kuchirako. Pitani naye kuchipatala cha Kabudula akamuyeze bwino, mumve kwa anamwino. Akakakuuzani kuti ali bwino, chonde mumulole akasewere pa 31.

Sindikubwera kudzamutenga. Ndikupempha kuti, ngati simunatope naye, akhale kwanuko mpaka alembe mayeso a Sitandade 8.

Mundikhululukire.

Ndine mng'ono wanu,
Bridget


Nsaru
2 Juni 2024

Mng'ono wanga Bridget,

Moni. Tonse tili bwino, kupatula nkhuku zanga zitatu zimene zinafa ulele chifukwa cha manyazi ako. Ukadzabwera udzapepese kukhola. Unandilembera kalata yonse ya mphepo ndi kanema, osangonena kuti mwana akufunika thukuta? Koma nanenso ndine safunsa anadya phula. Tonse ndife ana a mayi mmodzi, kuzungulira nkhani tinayamwira.

Ku Kabudula tinapita. Sikelo ya kuchipatala inati 46, osati 41. Alamu ako akuti akhala akundiuza zaka zonsezi kuti sikelo ya venda uja imadya makilo asanu pa thumba lililonse, tsopano yadya ndi mwana yemwe. Anamwino anamuyeza pachifuwa, m'maso, magazi, n'kundifunsa kuti, "Mayi, mwanayu mukuti akudwala chiyani?" Ndinati waonda. Anandiyang'ana kuchokera pamwamba pa magalasi n'kuti, "Chimene mukuchitacho pitirizani." Sindinawauze kuti chimene ndinkachita ine ndi kuletsa.

Ndinapita kwa a Thomson kukabweza mawu anga. Munthu uja ndi woleza mtima, anangoti, "Mwabwera bwino, mayi, mawa abwere msanga." Ndinawatengera mazira khumi, poti tsopano akutsala, mwina iwo anganenepeko. Alamu ako akuyenda chifuwa chili patsogolo, akuti dokotala weniweni pakhomo pano ndi iwo. Ndawakumbutsa kuti udokotala wawo unali wothawira ku fodya.

Lachisanu kunali mpikisano uja. Masukulu asanu ndi limodzi, fumbi lokhalokha, ogulitsa nzimbe ndi zitumbuwa mpaka kumsewu. Ine ndinati ndikangoima patali ndione. Mpira utayamba sindikudziwa chinandinyamula n'chiyani. Zione akaugwira amauponya kuchokera pakati mpaka kwa Thandiwe pansi pa golo, ana a sukulu zina kumangoutsatira ndi maso. Akathamangira uku, ine ndili naye m'mbali mwa mzere. Akabwerera, ine ndabwerera. Mpango unagwa, sindinautole. Akuti ndinkakuwa kuti, "Ameneyo ndi wanga, wa m'nyumba mwanga!" Ine sindikukumbuka, koma mawu anandithera masiku awiri.

Anawina masewero awiri, achitatu anagonja ndi zigoli ziwiri zokha. Thandiwe analira. Zione sanalire, anali kalikiliki kuuza aliyense kuti wasewera mpaka wezulo yomaliza osapempha kutuluka. Akutinso ndikuuze kuti botolo la fulaye analidzadzitsa Lachiwiri, kawiri, ndipo mboni zilipo.

Zoti akhale kuno mpaka Sitandade 8 usadzandifunsenso, ungandikwiyitse. Ungotumiza yunifomu ina, iyi telala waibweza mpaka yatopa.

Pobwerera ku mpira kuja tinayenda pansi tonse awiri, iye patsogolo, ine ndikupempha kuti andidikire. Titafika pakhomo ndinamuitana, ndinamugwira mkono monga ndinkakugwirira iwe chaka chija, zala zanga zikufunafuna fupa. Bridget, ndinapeza mnofu wolimba ngati chinangwa chachiwisi. Ndinakhala pansi pakhonde n'kulira, iye akundiseka n'kumandipukuta ndi malaya ake a timu. Mwana woonda ndimamudziwa ine, ndinamuberekapo kumsana. Uyu sanaonde, wangopepuka.

Ndine mkulu wako,
Enelesi